Bonongwe ali njo pa dzuwa, nyemba zili zyoli: maenzaimu a C4 anachokera kuti?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa Biology pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Chitakale, ku Mulanje: "Ndinkauza ana anga kuti chimanga, mapira ndi nzimbe zimapanga chakudya m'njira ya C4, ndipo chinanazi chimapanga m'njira ya CAM. Mtsikana wina anaimika mkono n'kufunsa kuti maenzaimu apaderawo anachokera kuti, ndiponso ngati njirayo ndi yabwino chotere, bwanji tiyi ndi nyemba sizinaitengere. Ndinamuuza kuti ndidzamuyankha Lolemba. Chonde ndithandizeni."

Aphunzitsi, mwanayo mumusamale, wafunsa funso limene akatswiri akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 50. Choti mukamuuze mukangolowa m'kalasi Lolembalo n'chakuti maenzaimu amenewo, amene ndi mapuloteni ofulumizitsa ntchito za m'selo, sanachokere kwina kulikonse. Nyemba zili nawo, tiyi ali nawo, ngakhale mkungudza wa pamwamba pa phiripo uli nawo. Makolo a chimanga anangotenga antchito akale a pakhomo pomwepo, n'kuwasamutsa malo ogwirira ntchito, kuwachulukitsa, kenako n'kumawasula pang'onopang'ono mpaka anayenerana ndi ntchito yatsopanoyo. Koma kuti ana amve chimene chinachititsa zonsezi, muyambire pa Rubisco, chifukwa mlandu wonse wagona pa iyeyu.

Rubisco ndi enzaimu amene amagwira mpweya wa carbon dioxide n'kuulumikiza ku shuga wa makaboni asanu, ndipo apa m'pamene mpweya umayamba kusanduka chakudya. Nsima, ndiwo, nkhuni, thupi lanu ndi langa lomwe, kaboni wake anadutsa m'manja mwa Rubisco. Ndi puloteni wochuluka kwambiri padziko lapansi, ndipo kuchulukako kwabwera chifukwa cha chidodo chake. Maenzaimu ena amamaliza ntchito kambirimbiri pa sekondi imodzi, pamene Rubisco wa mu nyemba amagwira mamolekyu pafupifupi atatu basi. Tsamba limangolemba aganyu ochuluka kuti munda uthe.

Chidodocho chikanapiririka. Vuto lenileni lili m'maso: Rubisco sasiyanitsa bwino carbon dioxide ndi okosijeni. Iye anayamba ntchito m'mabakiteriya zaka zoposa 2.4 biliyoni zapitazo, nthawi imene mumlengalenga munalibe okosijeni woti n'kumusokoneza. Ndiye photosynthesis yomweyo imene amaitumikira, ntchito yopanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, ndi imene inadzadzaza okosijeni mumlengalenga. Walira mvula walira matope. Lero okosijeni ndi magawo 21 pa 100 alionse a mpweya, pamene carbon dioxide ali pa 0.04 chabe, kutanthauza kuti pa molekyu imodzi imene Rubisco akuifuna pali mamolekyu a okosijeni pafupifupi 500 akudutsa pamaso pake. Kunena chilungamo mkuluyu amayesetsa, poti pa chikhamu chotere amalakwitsa kamodzi pa maulendo anayi kapena asanu. Koma akalakwitsa amatulutsa poizoni wotchedwa phosphoglycolate, ndipo tsamba liyenera kumuyendetsa poizoniyo m'zipinda zitatu za selo kuti limusukulutse. Pa ulendo umenewo limataya kaboni mmodzi pa anayi alionse, osawerengera mphamvu zimene laononga. Izi n'zimene buku lanu likutcha photorespiration. Kukatentha Rubisco amalakwitsa kwambiri. Kukauma, tsamba limatseka timabowo take poopa kutaya madzi, carbon dioxide m'kati n'kuchepa, zolakwitsa n'kuwirikiza. N'chifukwa chake mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nyemba za kudimba zimangoti zyoli pamene bonongwe womera yekha m'mphepete mwa bedi, amene ndi wa C4, ali njo.

M'zaka za m'ma 1950, Melvin Calvin, Andrew Benson ndi James Bassham a ku Berkeley anafufuza ndere za m'madzi n'kupeza kuti chinthu choyamba kupangidwa chimakhala ndi makaboni atatu. Apo m'pamene panachokera dzina la C3. Calvin analandira mphoto ya Nobel mu 1961, ndipo anthu anaganiza kuti nkhani yatha. Zinadzatsutsa ndi nzimbe. Hugo Kortschak, wofufuza za nzimbe ku Hawaii, ankangopeza asidi wa makaboni anayi m'masekondi oyambirira, ndipo anadzafalitsa zimenezi mu 1965. Makaboni anayiwo ndi amene anabala dzina la C4. Yuri Karpilov anali ataona zofananazo mu chimanga ku Soviet Union mu 1960. Amene anamasula mfundo yonse ndi Hal Hatch ndi Roger Slack mu 1966, ku Brisbane, m'labotale ya kampani ya shuga.

Ana a ku Mulanje savutika kuimvetsa njirayi mukaiyerekeza ndi esiteti ya tiyi. Othyola amamwazikana m'munda monse, fakitale ili malo amodzi, pakati pake pamayenda mathirakitala. M'tsamba la chimanga maselo a kunja, otchedwa mesophyll, ndiwo othyola. Maselo onenepa amene azungulira mtsempha uliwonse wa tsamba, otchedwa bundle sheath, ndiwo fakitale, ndipo Rubisco anatsekeredwa mmenemo. Katswiri wa zomera Gottlieb Haberlandt anauona mzere wozungulirawu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ntchito yake isanadziwike, ndipo mpaka lero umatchedwa Kranz, mawu a Chijeremani otanthauza nkhata.

Mpweya ukalowa m'maselo a kunja, enzaimu wotchedwa carbonic anhydrase amausandutsa bicarbonate. Enzaimu wachiwiri, PEPC, amatenga bicarbonateyo n'kumumata pa molekyu ya makaboni atatu yotchedwa PEP, n'kutuluka asidi wa makaboni anayi. Ubwino wa PEPC ndi wakuti okosijeni alibe naye gawo m'pang'ono pomwe. Asidi uja amasandutsidwa asidi wina wotchedwa malate n'kulowa m'fakitale, mmene enzaimu wina, NADP-ME, amatsitsa katundu, ndipo carbon dioxide amaunjikana pafupi ndi Rubisco kuwirikiza kangapo poyerekeza ndi m'tsamba la nyemba. Rubisco sapezanso mpata wolakwitsa. Chotsala, pyruvate, ndi thirakitala yopanda katundu. Imabwerera kumunda, ndipo enzaimu wotchedwa PPDK amaikonza kuti ikhalenso PEP. Koma thirakitala imamwa mafuta, ndipo mafuta ake ndi ATP, molekyu yonyamula mphamvu m'selo. Nyemba zimalipira ATP atatu pa molekyu iliyonse ya carbon dioxide, chimanga chimalipira asanu. Musaiwale nambala imeneyi, tidzaifuna tikafika pa tiyi.

Tsopano funso la mwana wanu. Antchito onsewa ali ndi ntchito zawo zakale m'zomera za C3. PEPC wa mu nyemba amapanga zipangizo zomangira ma amino acid, amathandiza timabowo ta tsamba kutseguka, ndipo mu timatuza ta m'mizu ya nyemba ndi nandolo ndi iyeyu amene amakonza malate wodyetsa mabakiteriya aja ogwira nayitrojeni. PPDK amathandiza kusamutsa nayitrojeni kuchoka m'masamba okalamba kupita ku njere. NADP-ME amapezeka m'zipatso zikamapsa ndiponso pamene chomera chikulimbana ndi matenda. Mu 2002, Julian Hibberd ndi Paul Quick anaonetsa kuti m'tsinde la fodya, amene ndi C3 weniweni, maselo ozungulira mitsempha ali kale ndi maenzaimu otsitsa katundu aja ndipo akugwira ntchito ndithu. Ine ndimakonda kuyerekeza ndi kabaza. Palibe amene anapanga njinga yatsopano kuti kabaza ayambe. Njinga yomwe ija inaikidwa mpando wofewa pa kaliyala, poponda mapazi ndi masipoko olimba. Mukaiphwasula mupeza ndi njinga imene agogo ankapitira kuchigayo.

Kusinthako kunachitika bwanji? Apa tiyenera kunena za majini, ndipo muwachenjeze ana kuti si majini a ziwanda aja, koma malangizo olembedwa mu DNA. Zomera zimakhala ndi majini angapo a enzaimu mmodzi, chifukwa jini limatha kukopedwa kawiri mwangozi. Likakhala pawiri, limodzi limapitiriza ntchito yakale pamene linalo lili ndi ufulu wosintha popanda kupha chomera. Chimanga mpaka pano chili ndi PEPC wa ntchito zakale m'mizu ndi m'ziwalo zina, kuphatikiza ndi PEPC wa C4 m'masamba.

Kusintha koyamba ndi kwa malo ndi kuchuluka, ndipo nthawi zambiri sikukhudza enzaimu mwiniwakeyo koma kachidutswa ka DNA kamene kamalamula kuti jini liyake kuti. Umboni wabwino unachokera ku Flaveria, mtundu wa zomera za ku America za banja limodzi ndi chisoso ndi mpendadzuwa. Mu mtundu umodzi womwewu muli zina za C3, zina za C4, ndi zina zimene zili pakati. Gulu la Peter Westhoff ku Düsseldorf linapeza kachidutswa ka zilembo 41 za DNA, kotchedwa MEM1, kamene kamauza jini la PEPC kuti liziyaka m'maselo a mesophyll okha. Flaveria wa C3 alinso ndi kachidutswa kofananako, kusiyana kwake ndi zilembo zowerengeka chabe. Nkhani ya carbonic anhydrase ndi yosekesa pang'ono. Mu Flaveria wa C3, enzaimu ameneyu amakhala ndi kamchira kokhala ngati keyala ya pa envulopu, komutumiza ku chloroplast, kachipinda kobiriwira ka m'selo mmene chakudya chimapangidwira. Mu Flaveria wa C4 keyalayo inafufutika, kalata n'kumangotsala pa khonde la selo. Pakhonde pomwepo m'pamene PEPC amadikirira bicarbonate. Chimene tikanachitcha kulumala chinasanduka phindu.

Kusintha kwachiwiri ndi kosula enzaimu mwiniwakeyo, ndipo apa ndichedwapo chifukwa m'pamene pandikoka mtima. Puloteni ali ngati mkanda wa ma amino acid, ndipo wa PEPC uli ndi mikanda pafupifupi 970. PEPC wakale anazolowera kugwira ntchito pang'ono. Malate akangochuluka, iye amaima, monga mmene mayi amaphulira poto akaona kuti chakudya chakwana. Khalidwe limeneli ndi labwino m'mizu ya nyemba, koma m'tsamba la C4 malate amakhala wochuluka tsiku lonse, ndiye enzaimu womvera chotere sangagwire ntchito. Mu Flaveria wa C4, mkanda wa pa malo a 884 unasintha kuchoka pa arginine kukhala glycine, ndipo pamene malate ankagwira kuti aimitse enzaimu panaterera. Mkanda wina, wa pa malo a 780 tikawerenga mwa chimanga, unasintha kuchoka pa alanine kukhala serine, zimene zimakhudza mmene enzaimu amagwirira PEP ndi bicarbonate.

Chodabwitsa n'chakuti serine yemweyo pa malo omwewo amapezeka mu chimanga, mu Flaveria, ndi m'zomera za banja la gumbwa, chonsecho mabanja amenewa anasiyana kalekale ndipo lililonse linafika pa C4 palokha. Mu 2007, Pascal-Antoine Christin ndi anzake anayerekeza majini a PEPC a maudzu ambiri n'kupeza malo 21 amene anasinthidwa ndi kufunika kwa C4, ndipo ambiri mwa malowo anasintha mofanana mobwerezabwereza m'mizere ya maudzu yosiyana. Anaonanso kuti pa majini angapo a PEPC amene udzu uli nawo, mizere yosiyanayo inkangosankha jini limodzi lomwelo. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti jini losankhidwa limakonda kukhala limene linali kale lochuluka m'tsamba. Ganyu amapatsa amene ali pafupi. Mmene ndimazionera ine, izi zikutiuza kuti njira zosulira PEPC popanda kumuononga ndi zochepa. Anthu ochokera ku Luchenza, ku Thuchila ndi ku Chonde akafuna kuwoloka mtsinje wodzaza amakumana pa mlatho umodzi, osati chifukwa anapangana.

Rubisco nayenso anasintha, koma mosiyana ndi mmene ana angaganizire. Sanaphunzire kusiyanitsa bwino mipweya iwiri ija. Poti tsopano amakhala m'chipinda chodzaza carbon dioxide, anasiya kusamala n'kuyamba kuthamanga. Mu Flaveria, kusintha kwa mkanda umodzi pa malo a 309, kuchoka pa methionine kukhala isoleucine, kumamuonjezera liwiro. Rubisco wachangu safunika wambiri, choncho tsamba la C4 limapanga chakudya chochuluka pa nayitrojeni yemweyo. Musamve ngati ndikuti chimanga sichifuna feteleza. Chimafuna, chifukwa chimakula kwambiri, kungoti thumba lililonse chimaligwiritsa ntchito bwino.

Mwana wochenjera adzafunsa kuti theka la njira yotere lingathandize chiyani, poti thirakitala yopanda fakitale ndi yachabe. Yankho lili m'zomera za pakati zija. Sitepe yoyamba sinali PEPC ayi. Inali enzaimu wa photorespiration yemwe, wotchedwa glycine decarboxylase, amene amatulutsa kaboni wotayika uja. M'zomera zina enzaimuyu anasiya kupangidwa m'maselo a kunja n'kutsala m'maselo ozungulira mitsempha okha. Zitatero, zinyalala zonse za photorespiration zinayamba kupita m'kati mwa tsamba kukatsitsidwa, ndipo carbon dioxide wotulukayo, m'malo mothawira kunja, ankagwidwanso ndi Rubisco wa m'katimo. Njira imeneyi imatchedwa C2, ndipo imapindulitsa payokha kumalo otentha. Ikakhazikika, maselo a m'kati amakhala kale ndi ma chloroplast ambiri, misewu ya katundu yatseguka, ndipo PEPC akachuluka pang'ono phindu limaoneka pomwepo. Mu 2013 akatswiri a ku Düsseldorf anawerengetsera pa kompyuta n'kupeza kuti sitepe iliyonse ya ulendowu imakweza chomera, palibe pofunika kutsika kaye m'chigwa. Iwo anayerekeza ndi phiri la Fuji la ku Japan, la nsonga imodzi. Akanakhala a kwathu sakanatchula Mulanje, poti aliyense amene anakwerapo kuchokera ku Likhubula amadziwa kutsika ndi kukwera kumene kuli panjira ya ku Sapitwa.

N'chifukwa chake C4 inatulukira payokhapayokha maulendo oposa 60, ndipo oposa 20 mwa amenewa ndi m'maudzu. Zoyamba zinaoneka zaka pafupifupi 30 miliyoni zapitazo, carbon dioxide wa mumlengalenga atatsika kwambiri, ndipo madambo a udzu wa C4 anafala zedi pakati pa zaka 8 ndi 3 miliyoni zapitazo. Mitundu yake ndi pafupifupi 8,000, magawo atatu okha pa 100 a zomera za maluwa, koma imapanga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chakudya chonse chopangidwa ndi zomera za pamtunda.

Simukusowa kupita kutali kuti muone maulendo osiyanawa. Chimanga, mapira ndi nzimbe ndi za mzere umodzi. Mawere ndi kapinga ndi za mzere wina, wakale kwambiri, ndipo mawere amatsitsa katundu ndi enzaimu wina, NAD-ME, amene amakhala mu mitochondria, tizipinda ta m'selo totulutsa mphamvu. Gumbwa anafika payekha. Bonongwe anafika payekha. Ndipo luni, amene ena amamuderera kuti ndi ndiwo za osauka, ndi C4 wa mzere wakewake, komanso ndi wolemekezeka m'malabotale a ku Cambridge ndi kwina, chifukwa ndi wachibale wa Arabidopsis, kachomera ka C3 kamene majini ake amadziwika bwino kuposa a chomera china chilichonse. Poyerekeza awiriwa anapeza kuti malangizo ena otumiza enzaimu ku maselo ozungulira mitsempha analimo kale m'majini a C3, akungodikira. Mayi wogulitsa luni ndi bonongwe pa msika wa Bvumbwe wayala pa thumba lake zinthu ziwiri zimene zinathetsa vuto limodzi mosaonerana.

Pali nkhani ina imene ana adzaikonda chifukwa muli kuba. Udzu wotchedwa Alloteropsis semialata uli ndi C3, C4 ndi zapakati mu mtundu umodzi womwewo. Wa C3 uli ku South Africa, wapakati unapezeka m'nkhalango za miombo ku Tanzania ndi Zambia, kwa anansi athu. Mu 2012 Christin ndi anzake anapeza kuti majini ena a PEPC ndi a enzaimu wina wotchedwa PCK mu udzu umenewu si a makolo ake. Analowa kuchokera ku maudzu ena a C4 osakhala achibale apafupi, atasulidwa kale kwa zaka mamiliyoni. Mu 2019 ofufuza a ku Sheffield anawerenga majini 59 olowa chonchi mu udzu umodzi, ochokera ku mitundu yosachepera 9. Apa ndiye tinganene kuti enzaimu anachokeradi kwina, koma ngakhale kumene anabedwako anayamba ngati wantchito wakale wa C3.

Tibwere ku chinanazi, chimene kwanuko chimayalidwa m'mbali mwa msewu. CAM imagwiritsa ntchito antchito omwewo, koma m'malo mogawa ntchito pakati pa maselo awiri, imagawa pakati pa usiku ndi usana m'selo limodzi. Usiku, kukuzizira ndipo madzi sakuthawa kwambiri, timabowo timatseguka, PEPC amagwira mpweya, ndipo malic acid amasungidwa m'thumba lalikulu la m'selo lotchedwa vacuole. Kukacha timabowo timatsekeka, asidi uja amatsitsidwa, ndipo Rubisco amagwira ntchito m'nyumba yotseka yodzaza carbon dioxide. Zili ngati mayi amene amatunga madzi m'bandakucha pa mjigo pasanakhale mzere, n'kumagwiritsa ntchito tsiku lonse. Malire ake ndi kukula kwa mtsuko. Vacuole ikadzaza basi kwatha, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mlimi wa zinanazi amadikirira chaka ndi theka kapena kuposa kuti adule choyamba, pamene wa chimanga amakolola pa miyezi inayi. Phindu lake lili pa madzi: C4 imamwa pafupifupi theka la madzi amene C3 imamwa kuti ipange chakudya chofanana, ndipo CAM imamwa ochepa kwambiri kuposa pamenepo.

Funso la CAM ndi lakuti PEPC amadziwa bwanji kuti kwada. Pali enzaimu wamng'ono, PPCK, amene amamata phosphate pa PEPC kuti asaimitsidwe msanga ndi malate. M'chimanga izi zimachitika dzuwa likawala. M'zomera za CAM zimachitika usiku, ndipo amalamula ndi wotchi ya m'kati mwa chomera. Switchi ndi yomweyo, yangosinthidwa nthawi. Majini onse a chinanazi atawerengedwa mu 2015, ofufuza anapeza kuti CAM yake sinadalire kuchulukitsa majini. Majini akale ndi amene analumikizidwa ku wotchi ija. Khonje ndi CAM, aloe ndi CAM, ndipo nkhadze imachita CAM m'nthambi zake. Ana asasokoneze ndi kuwawasa kwa chipatso cha chinanazi, kumene kwenikweni kumachokera ku citric acid. Nkhani ya CAM ili m'masamba.

Nanga bwanji tiyi ndi nyemba sizinatengere? Choyamba, kumbukirani ATP asanu aja. Kumalo ozizira, a mthunzi ndi a chinyezi, Rubisco salakwitsa kwambiri, ndiye kulipira mafuta a thirakitala n'kuluza chabe. Makolo a tiyi anali zitsamba za pansi pa mitengo m'nkhalango za mvula za ku Asia, ndipo tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje akukhala mwa makolo ake, m'nkhungu ndi chiperoni. PPDK wa chimanga amaphwasuka kukazizira kufika cha m'ma digiri 10, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chimanga cha kudimba chimakhalira chachikasu ndi chopinimbira mu Juni ndi Julayi. Pa phiri la Kenya, kafukufuku wa mu 1979 anapeza kuti maudzu a m'munsi pafupifupi onse ndi C4, koma pamwamba pa mamita 3,000 pafupifupi onse ndi C3.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chachikulu, kukhala ndi maenzaimu sikokwanira. Tsamba liyenera kukhala ndi mitsempha yoyandikana ndi maselo aakulu oizungulira, kuti katundu asayende mtunda wautali. Maudzu onse a C4 ali m'nthambi imodzi ya banja la maudzu, imene makolo ake anali kale ndi maselo otere. Nthambi ya mpunga, tirigu ndi nsungwi ilibe C4 ngakhale mmodzi, chonsecho mpunga umalimidwa kotentha kumene ukanapindula. Bango lili m'nthambi ya mwayi ija koma linakhalabe C3, poti mapazi ake ali m'madzi. M'banja lonse la nyemba mulibe C4. Pa mitengo, yodziwika kuti ndi C4 ndi ya mtundu wa Euphorbia ya ku Hawaii, abale a nkhadze yomweyi.

Umboni woti chovuta ndi tsamba osati enzaimu tikuuona pa mpunga. Kuyambira 2008, ntchito ya C4 Rice Project, imene inayambira ku IRRI, bungwe lofufuza za mpunga ku Philippines, ndi thandizo la Bill & Melinda Gates Foundation, yakhala ikuyesa kuika C4 mu mpunga, poyembekezera kuti zokolola zingakwere mpaka ndi theka. Pofika 2020 anali atalowetsa maenzaimu asanu a chimanga mu mpunga nthawi imodzi, ndipo asidi wa makaboni anayi anayamba kupangidwa pang'ono. Koma tsamba linakhalabe la mpunga, mitsempha yotalikirana, fakitale yaing'ono. Ine ndimakayikira aliyense wolonjeza mpunga wa C4 posachedwa, ngakhale ntchitoyo yatiphunzitsa zambiri za mmene tsamba limamangidwira.

Lolembalo musangolankhula. Uzani ana abweretse masamba a bonongwe, luni, chimanga, nyemba ndi chisoso. Akawayang'ana moloza dzuwa, makamaka ndi galasi lokulitsa, aona kuti timitsempha ta bonongwe ndi luni n'tothithikana ndiponso tobiriwira kwambiri kuposa mnofu wa tsamba, pamene ta nyemba n'totuwa ndi totalikirana. Ngati muli ndi maikulosikopu ngakhale imodzi, dulani tsamba la chimanga lothyoledwa masana mopingasa ndi lezala latsopano, mopyapyala mmene mungathere, n'kudonthezera ayodini. Nkhata za Haberlandt zidzada bii, chifukwa sitalichi amaunjikana m'maselo ozungulira mitsempha. Za chinanazi, wina athyole tsamba m'ma 5 koloko m'mawa, lina lithyoledwe pa chomera chomwecho m'ma 3 koloko masana. Sinjani lililonse padera, finyani madzi ake, n'kuyesa ndi universal indicator. La m'mawa lionetsa asidi wambiri. Benjamin Heyne anazindikira zimenezi ku India polawa ndi lilime masamba a Bryophyllum m'mawa ndi masana, ndipo zinafalitsidwa mu 1815, koma inu musalole ana kulawa. Nkhadze ndiye asaikhudze n'komwe, utomoni wake ukalowa m'maso mwana mukamupeza ku chipatala.